KOMPYUTA IKAMALIRA OSAYAKA

Anzathu ophunzira, lero tiwerenga za makina amene ambiri a ife sitinawagwirepo ndi manja, komabe mayina athu ali m'menemo. Makinawo ndiwo kompyuta, imene ena kuno ku Angónia amaitchula m'Chipwitikizi kuti computador. Ku sukulu imasunga mayina a ana athu ndi mmene anakhozera mayeso. Ku bungwe la alimi imasunga ngongole za feteleza ndi za mbewu, ndiponso matumba a chimanga, nyemba ndi mbatatesi amene munthu aliyense anapereka. Tsono ikakana kuyaka, vuto silikhala la mlembi yekha. Limakhala la mudzi wonse.

Ife tinaziona ndi maso ku bungwe lathu, m'mawa wina wa mwezi wa Julaye, chisanu chili pakati. Alimi anali atafola panja kudikira ndalama za nyemba zawo. A mlembi anadina batani monga mwa masiku onse. Chokupiza mphepo cha m'kati chinayamba kuzungulira, koma galasi linakhala lakuda bii. Kenaka bokosi lija linayamba kulira: piii, piii, piii. Anazimitsa, nayatsanso. Zomwezo.

Panja mawu anayamba kuchuluka. Ena anati makinawo awalodza. Ena ananong'ona kuti a mlembi adya ndalama ndipo aononga dala kompyuta kuti zisadziwike. Mawu amenewa ndi olemera kwa munthu amene wagwira ntchito mokhulupirika. Akomiti anagwirizana zosonkha ndalama kuti bokosilo lipite ku Tete, ulendo wopitirira makilomita 200. Pamenepo mtsikana wina amene anaphunzirako za makinawa anafika nafunsa mwaulemu, "Pepani a mlembi, kodi yalira kangati?" Tonse tinayang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawerenga.

Kulirako ndi uthenga

Tonse timadziwa kuti belu la ku tchalitchi siliira chimodzimodzi. Kaliridwe koitanira anthu ku mapemphero n'kosiyana ndi kolengeza maliro, ndipo munthu ali kumunda amadziwa zimene zachitika popanda womuuza. Kompyuta nayonso imachita chomwecho.

Tikangodina batani, kompyuta siyamba ntchito msanga. Imayamba yadziyendera yokha, monga mlimi amayendera ngolo yake asanamange ng'ombe: matayala, goli, zingwe. Woyendera ameneyu ndi malangizo aang'ono okhala m'kati, amene dzina lawo ndi BIOS. Kuyenderaku amisiri amakutcha POST, ndipo kunalipo kale pa kompyuta ya IBM PC imene inatuluka m'chaka cha 1981. Zonse zikakhala bwino, makina ambiri amalira kamodzi kokha, mwachidule, ndipo zilembo zimaoneka pa galasi. Kulira kumodziku si matenda ayi.

Koma woyendera uja akapeza cholakwa galasi lisanayake, angatiuze bwanji? Sangathe kulemba. Chotero amalankhula ndi kulira. Ndiye kuti kompyuta yolira siinafe. Magetsi akulowa, ndipo mbali ina ya m'kati ikugwira ntchito, pakuti yatha kuona cholakwa ndi kutiitana. Yoopsa kwambiri ndi imene yangoti zii, osalira, osayatsa nyale, osazungulira kanthu.

Ntchito yoyamba tsono si ya sikuludiraiva. Ndi ya khutu, pensulo ndi pepala. Yatsani, mvetserani, lembani. Kulira kwakutali lembani mzere. Kulira kwakufupi lembani kadontho. Ikapuma pang'ono, siyani mpata. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu kufikira mutatsimikiza. Makina ena atsopano alibe kolirira, m'malo mwake nyale ya pa batani imaphethira. Kuphethirako kuwerengeni ndi kulemba mtundu wa kuwalako. Lembaninso dzina la kompyutayo ndi nambala yake, monga zalembedwa kutsogolo kapena pa kapepala komata m'mbali.

Dzinalo n'lofunika chifukwa makampani sanapangane chinenero chimodzi. Pa makina akale okhala ndi BIOS ya AMI, kulira kwakufupi kasanu kumaloza purosesa, chimene ndi chiwalo chodula. Pa makina ambiri a Dell Inspiron kulira kasanu komweko kumangonena kuti kabatire kakang'ono katha mphamvu. Taonani kusiyana kwake! Munthu wosalemba dzina angataye makina abwino chifukwa cha kabatire kokha. Komabe pali kaliridwe kena kodziwika. Kutali kamodzi ndi kwakufupi kawiri, pa makina ambiri, ndi vuto la mbali yotumiza zithunzi ku galasi. Kwakufupi katatu pa AMI, kawiri pa Dell Inspiron, kapena kwakutali kobwerezabwereza osaleka pa BIOS ya Award, n'kodandaula za RAM.

Nkhokwe ndi lichero

Apa tiyeni tifatse, pakuti ndi pamene mantha a alimi aja anagona. Mu kompyuta muli malo awiri osungira zinthu, ndipo ntchito zawo n'zosiyana. Oyamba ndi disiki, imene amisiri amati hard disk. Imeneyi ndiyo nkhokwe. Mayina, ngongole, makalata ndi zithunzi zimakhala m'menemo ngakhale magetsi atazima mwezi wathunthu. Achiwiri ndi RAM. Imeneyi ndiyo lichero. Mayi akafuna kupeta amatapa chimanga pang'ono m'nkhokwe naika m'lichero. Akatsiriza lichero limatsala lopanda kanthu. Popanda lichero ntchito siingayambe, koma kodi chimanga cha m'nkhokwe chapita kuti? Chili momwemo.

Kompyuta ikalira isanaonetse chilichonse pa galasi, kawirikawiri imakhala isanafike n'komwe ku nkhokwe. Chotero zolembedwa zathu zimakhala zilipo. Ngakhale bokosi lonse litakanika kukonzeka, mmisiri angathe kuchotsa disiki ija ndi kuiwerenga pa kompyuta ina. Munthu wina akakuuzani kuti afufute zonse za mu disiki kuti kulira kuleke, mukanizeni. Kufufuta nkhokwe sikukonza lichero.

RAM ndi kathabwa kopyapyala, kotalika ngati chikhatho, kokhala ndi mano agolide m'munsi mwake. Kamalowa mu mpata wake pa bolodi lalikulu la m'kati, ndipo timapanda tiwiri, kuno ndi uko, timakagwira. Kuno kwathu kathabwa kameneka kamavutika ndi zinthu zitatu. China ndi fumbi la mwezi wa Sepitembala ndi Okotobala, limene chokupiza mphepo chimalikokera m'kati tsiku ndi tsiku. China ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja, chimene chimadetsa mano aja. Chachitatu ndi misewu yathu. Kompyuta yokwera pa njinga yamoto kuchokera ku Ulónguè kupita ku Dómuè, kapena yogulidwa ku Dedza n'kudutsa pa Calómuè ili pa kaliyala, imagwedezeka njira yonse, ndipo kathabwa kamasuntha pang'ono pokha. Pang'ono pomwepo mpokwanira.

Tisanatsegule bokosi

Tiyambe ndi zakunja, zimene sizifuna chida. Nthambo yochokera ku galasi yalowa bwino? Makina ena ali ndi malo awiri olowetsa nthamboyi, ndipo wosesa m'nyumba angaibweze polakwika. Kodi pa kiyibodi palibe buku kapena batani lomatirira? Batani lokanirira limaliritsa kompyuta mofulumira ngati nkhululu. Zulani zonse zosafunika, monga makina osindikizira ndi ma flash, ndipo yesaninso.

Pali chinthu chimodzi chimene tikuchenjezani kwambiri. Makina ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo, pafupi ndi polowera magetsi, kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali ina. Magetsi a kuno ku Mozambique ndi a mavoti 220, ndipo a ku Malawi ndi 230, chotero kaswichiko kayenera kuonetsa 230. Nambala ya 115 ndi ya maiko monga America. Mukakasunthira ku 115 n'kulumikiza ku magetsi athu, mumva kuphulika ndi fungo la kupsa. Musakakhudze poyesa mwayi.

Kutsegula

Ngati zakunja zili bwino ndipo kulira kukuloza RAM, tingathe kutsegula. Koma ngati kompyuta ndi ya sukulu kapena ya ofesi, pemphani kaye chilolezo kwa mkulu wa pamalopo, ndipo ngati ndi yatsopano yokhala ndi chikalata cha sitolo, ibwezeni kumene inagulidwa osaitsegula. Ya bungwe itsegulidwe pamaso pa akomiti awiri kapena atatu, kuti mawa pasadzakhale wonena mnzake.

Zimitsani. Zulani pulagi ku khoma, osati kungozimitsa swichi. Dinani batani loyatsira ndi kuligwira kanthawi kuti mphamvu yotsalira ithe. Ikani bokosi chogona pa tebulo louma, pamalo owala. Masulani masikuluwu a kumbuyo ndi kuwaika m'mbale kuti asatayike, ndipo kokani chitseko cha m'mbali.

Musanagwire kanthu m'kati, gwirani chitsulo cha bokosilo ndi dzanja. Chifukwa chake n'chiyani? M'miyezi yozizira ndi youma ya Juni ndi Julaye, tikamavula juzi usiku timamva kuthetheka, nthawi zina timaona ndi timoto. Amenewo ndi magetsi okhala pa thupi lathu. Ife satipweteka, koma angathe kupha kathabwa ka RAM. Kugwira chitsulo kumawachotsa. Juziyo ndi bwino kuivula, ngakhale kukuzizira.

M'kona imodzi muona kabokosi kachitsulo kotulutsa nthambo zambiri. M'menemo ndimo mulowera magetsi. Kameneko musakatsegule konse, ngakhale pulagi ili yozula, chifukwa kamasunga mphamvu yokhoza kuvulaza munthu.

Tsopano chotsani fumbi. Mpope wa njinga umagwira bwino ntchitoyi, pamodzi ndi kaburashi kofewa kouma. Musauzire ndi pakamwa, pakuti mpweya wa m'kamwa uli ndi malovu. Musagwiritse nsalu yonyowa, palafini kapena mafuta. Popopa, gwirani chokupiza mphepo ndi chala kuti chisazungulire mopitirira. Musadabwe mukapeza mphemvu, ukonde wa kangaude, kapena buluzi wouma. M'bokosi mumafunda, ndipo tizilombo ta ku Angónia timadziwa chisanu monga ife tomwe.

Kankhirani kunja timapanda tiwiri tija, ndipo kathabwa kadzatukuka kokha. Kagwireni m'mbali, osati pa mano. Pukutani manowo pang'onopang'ono ndi labala woyera wofufutira pensulo, ndi kusasa zinyenyeswa zonse. Pa mano pali kampata kamodzi kamene sikali pakati penipeni. Kampatako kalingane ndi kachitunda ka mu mpata wa pa bolodi. Kakakana kulowa, katembenuzeni, musakakamize. Kakalingana, dinani mbali zonse ziwiri ndi zala zazikulu kufikira timapanda titatseka tokha, kuti thapu.

Ngati timatabwa tili tiwiri, yesani kamodzi kokha, kenaka kanzake. Mwa njira iyi mudzadziwa kamene kafa, ndipo kompyuta ingathe kuyenda ndi kotsalako ngakhale pang'onopang'ono. Pokagula kena tengani kakale m'thumba la pepala. Pali mitundu ya DDR2, DDR3, DDR4 ndi ina, ndipo kampata ka mtundu uliwonse kali pa malo ake. Wina sulowa m'malo mwa unzake.

Muli m'katimo yang'ananinso kabatire kozungulira, konyezimira ngati ndalama yachitsulo. Kalembedwa CR2032 ndipo ndi ka mavoti 3. Ntchito yake ndi kusunga tsiku ndi nthawi makina akazima. Kakatha, kompyuta imaiwala chaka, ndipo mwina imaima n'kupempha kuti mudine F1. Kamapezeka kwa ogulitsa mabatire a mawotchi. Kakale musakataye pabwalo, chifukwa mwana akakameza n'koopsa kwambiri. Wotere athamangire naye ku chipatala nthawi yomweyo.

Zina si zathu

Kulira kwa mawu awiri osinthana, kukwera ndi kutsika ngati galimoto la odwala, pa makina ena kumanena kuti purosesa yatentha. Zimitsani msanga, chotsani fumbi, ndipo onani ngati chokupiza mphepo chake chikuzungulira. Chikapanda kuzungulira, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Chimodzimodzinso mukamva fungo la kupsa, mukaona banga lakuda pa bolodi, kapena timigolo ting'onoting'ono ta pa bolodipo titafufuma pamwamba. Fungo la kupsa ndi banga lakuda nthawi zina zimabwera pambuyo pa mphenzi. N'chifukwa chake mitambo ikayamba kugunda kumapiri timazula pulagi, ndipo Loweruka lililonse timakopera zolembedwa za bungwe pa flash imene amasunga amayi msungichuma kunyumba kwawo.

Popita kwa mmisiri tengani pepala lija la mizere ndi timadontho. Muuzeni zimene mwayesa kale. Muuzeninso poyera kuti disiki asaifufute, ndipo chiwalo chilichonse chimene wachotsa akubwezereni m'manja.

Ya ku bungwe lathu inalira kwakutali, kobwerezabwereza. Mtsikana uja anavula juzi, anagwira chitsulo, nazula kathabwa pamaso pa apampando ndi amayi msungichuma. Mano ake anali ofiira ndi fumbi. Atapukuta ndi labala wa mwana wa sukulu n'kubwezera, kompyuta inalira kamodzi kokha, ndipo mayina anaoneka pa galasi, aliyense ndi makilogalamu ake a nyemba. A mlembi anaitana woyamba pa mzere dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndalama zimene zinasonkhedwa za ulendo wa ku Tete zinabwezedwa kwa eni ake madzulo omwewo.