Tabuleti m'kalasi: chimene chimaphunzitsa mwana si kuwala kwa sikirini

Mphunzitsi wa Sitandade 2 akalemba 7 + 5 pabolodi n'kufunsa yankho, kalasi yonse imakuwa pamodzi kuti "twelofu!" Zimamveka ngati aliyense wamva. Koma m'kalasi ya ana oposa 100, zomwe si zachilendo m'dziko muno chichotsereni fizi ya kupulayimale mu 1994, amene awerengetseradi ndi ochepa okhala kutsogolo. Enawo angotola mawu pakamwa pa anzawo. Mphunzitsi adzazindikira zimenezi pochonga makope, ngati nthawi ipezeke, mwana ataiwala kale njira imene anadzera pofika pa yankho lolakwikalo.

Vuto ili ndi limene matabuleti a pulogalamu ya BEFIT akufuna kuchepetsa. Unduna wa Zamaphunziro unayamba pulogalamuyi mu 2023 m'sukulu 500, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, ndipo cholinga chake n'chakuti ifike m'sukulu zonse zaboma zapulayimale, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuletiwa amatchajidwa ndi sola ndipo maphunziro ali kale m'kati mwake, choncho mwana safunika bandulo kapena netiweki.

Mwana amavala mahedifoni, mawu a Chichewa n'kumuuza kuti aike zipatso zisanu m'dengu. Amakoka chimodzichimodzi ndi chala. Akakhoza, tabuleti imamuuza pomwepo n'kumupatsa ntchito yovutirapo. Akalakwa, imamupatsa mpata woyesanso, popanda mnzake womuseka. Woyandikana naye angakhale ali pa phunziro lina, malinga ndi pomwe wafika.

Kodi si chidwi chabe cha chinthu chachilendo? Funso limeneli linayesedwa kusukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anagawa mwamaere ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 m'magulu atatu. Gulu loyamba linkachita masamu a pa tabuleti, lachiwiri linali ndi matabuleti omwewo koma opanda masamu, lachitatu linkaphunzira monga mwa masiku onse. Zinkachitika mphindi 30 patsiku kwa masabata 8. Mu Sitandade 2 ndi 3, ana a gulu loyamba anaposa magulu ena onse awiri pamayeso a masamu. Gulu lachiwirilo ndilo lili ndi nkhani: ana anagwira chipangizo, anasangalala nacho, koma masamu awo sanakwere ngati a anzawo aja.

Akatswiri ofufuza za kaphunziridwe ka munthu amati chinsinsi chagona pa zinthu ziwiri. Choyamba, ubongo umasunga bwino chinthu chimene wavutikira kuchikumbuka kusiyana ndi chimene wangochionanso. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis, m'dziko la America, anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza. Ena anaiwerenga nthawi imodzi, kenako katatu konse anauzidwa kulemba zonse zimene akukumbuka, nkhaniyo atalandidwa. Patatha mphindi 5, obwerezabwereza aja anapambana. Patatha sabata zinthu zinatembenuka: odziyesa aja anakumbuka mfundo 61 pa 100 zilizonse, pomwe anzawo anatsala ndi 40. Ndipo obwerezawo ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti sadzaiwala. Amene amachezera usiku wonse akuwerenga notsi mayeso a MSCE ali pafupi, amve pamenepa.

Chachiwiri ndi kuuzidwa msanga kuti wakhoza kapena walakwa. Mwana amene wazolowera kulemba b pofuna d, akapanda kuwongoleredwa amabwereza cholakwacho mpaka chimakhazikika. Mphunzitsi mmodzi sangaime pambali pa ana 100 nthawi imodzi. Pulogalamu yopangidwa bwino ingathe, ndipo sitopa kufunsa.

Mapulogalamu a pa intaneti monga Kahoot!, yomwe inayambira ku Norway mu 2013, amayenda pa mfundo zomwezi. Mphunzitsi amaonetsa funso, wophunzira aliyense amayankha pa foni kapena kompyuta, ndipo nthawi yomweyo zimaoneka kuti ndi angati asankha yankho lililonse. Phindu lenileni lili pa zimene mphunzitsi achite akaona kuti theka la kalasi lasochera. Akangothamangira funso lotsatira, angosewera basi.

Dziko la Peru linaphunzira zimenezi movutikira. Boma kumeneko linagula malaputopu oposa 800,000 a pulogalamu ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank, wotuluka mu 2012, anayendera sukulu 319 zakumidzi ndipo anapeza kuti patatha miyezi 15, ana anali odziwa kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi chiyankhulo sanasiyane ndi ana opanda malaputopu. Makinawo sanabwere ndi mapulogalamu olunjika pa masamu ndi kuwerenga kwa m'kalasi, ndipo kaphunzitsidwe sikanasinthe kwenikweni. Kugawa zipangizo kumakoma pa chithunzi cha m'nyuzipepala, koma ndi gawo losavuta kwambiri la ntchito yonseyi.

N'chifukwa chake maso athu asamangokhala pa chiwerengero cha matabuleti ogawidwa. Tizifunsa ngati nthawi yake ili pa ndandanda wa maphunziro ndipo ikutsatidwa, ngati mphunzitsi amayendayenda pakati pa ana kuona yemwe wakanirira pamodzimodzi, komanso kuti mabatire a sola akatha mphamvu adzagula ena ndani.

Palinso za thanzi zomwe zimaiwalika. Bungwe la World Health Organization limachenjeza kuti kumvera mawu okwera kwambiri m'mahedifoni kwa nthawi yaitali kumawononga makutu, ndipo tiziwalo ta m'kati mwa khutu tomwe timamva mawu tikafa sitimeranso. M'kalasi yaphokoso mwana amakweza voliyumu kuti amve, choncho mphunzitsi aziyesa yekha asanagawe. Mahedifoni amene adutsa pamitu ya ana ambiri patsiku azipukutidwa, poti chipere cha m'mutu chimafala kudzera m'zinthu zobwerekana. Ndipo mwana amene amasendeza tabuleti kufupi kwambiri ndi maso, kapena amene nthawi zonse amati sakumva, apite naye kuchipatala akamupime.