Akasintha njira ya mkodzo, ulendo wa kuchipatala sunathe

Mayi akachedwa kufika kuchipatala pobereka, mwana akhoza kupanikiza chikhodzodzo mpaka kuboola. Awa ndi matenda a fistula, ndipo mkodzo umangodontha usana ndi usiku. Ngozi yotere imakula m'madera ngati kwa T/A Dambe ku Neno, komwe misewu ya m'mapiri imaterera nthawi ya dzinja.

Amayi ambiri amachira akasokedwa, koma ena chikhodzodzo chimakhala chitaonongekeratu. Zikatero, madokotala amaupatutsira mkodzo njira ina, monga amachitiranso akachotsa chikhodzodzo kaamba ka khansa yobwera ndi likodzo.

Kuchipatala cha fistula cha ku Bwaila mumzinda wa Lilongwe, chomwe chidatsegulidwa mu 2012, amayi ena adachitidwa opaleshoni yotchedwa Mainz II. Madokotala amapanga kathumba ndi matumbo aakulu n'kulumikizako mitsempha yochokera ku impso, kotero kuti mkodzo umatulukira kunjira ya chimbudzi.

Nkhani yagona pa chomangira kathumbako. M'maiko olemera, madokotala ena amalumikiza matumbo ndi timapini tachitsulo tonga tomangira mapepala chifukwa timafulumizitsa ntchito. Vuto n'lakuti chitsulo sichisungunuka. Chikamakhudzana ndi mkodzo, mchere umaunjikana pamenepo mpaka kusanduka mwala, womwe ukhoza kubweretsa ululu, magazi ndi matenda a impso patapita zaka. N'chifukwa chake kudabwera timapini tosungunuka, pomwe madokotala ambiri amasankha kusoka pamanja ndi ulusi womwe umatha wokha m'thupi.

Komabe ulusi sumaliza mavuto onse. Matumbo amayamwa zina za mumkodzo n'kuchulukitsa asidi m'magazi, choncho odwala ena amapatsidwa mapilitsi a soda ndipo magazi awo amayenera kuyezedwa kawirikawiri.

Apa ndi pomwe mtunda umapweteka. Chipatala chaching'ono cha Dambe, chomwe chidatsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, chidafupikitsa ulendo woyamba, koma akatswiri a opaleshoni zotere ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Choncho wodwala asanatuluke, achibale afunse chomwe adokotala amangira, n'kupempha kuti chilembedwe m'kabuku kakuchipatala pamodzi ndi tsiku lobwererako. Kunyumba, kutentha thupi, kupweteka m'mbali mwa msana, magazi, kufooka kapena kupuma mofulumira si zodikira mpaka mutagulitsa mbatatesi. Tsiku lomwelo, wodwala apite kuchipatala, kabuku kali m'manja.