MWANA WOPHUNZIRA PAKHOMO: KODI WAFIKA PATI?

Mwezi wa Disembala ukayandikira, ana a sukulu mu Livingstone amapita kwao ndi malipoti m'manja, ndipo makolo amaona mmene mwana wacitira. Koma m'komboni ya Maramba, monganso m'midzi yathu, muli ana ena amene caka conse aphunzirira pakhomo. Wina anadwala nthawi yaitali, wina ndi wolumala ndipo sukulu ili kutali. Anawa alibe lipoti. Nanga kholo lidzadziwa bwanji kuti mwana wafika pati?

Funsoli si lacilendo m'dziko lathu. Pa 20 Marichi 2020 Boma linatseka masukulu cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo ana amene sanali m'makalasi a mayeso anakhala pakhomo kufikira Seputembala. Mu 2024 kolera anacedwetsa kutsegula masukulu mpaka pa 12 Febuluwale. Pa nthawi zimenezo makonde ambiri anasanduka makalasi.

Mlongo wanga, amene agulitsa tomato pamsika wa Maramba, waphunzitsa yekha mwana wake wa zaka 9 amene mwendo unamuvuta caka cino. Anandionetsa makope odzaza, ndipo mnyamatayo anawerenga buku lake osapunthwa. Tonse tinakondwera. Koma nditalemba ziganizo zinai zanga papepala ndi kumupatsa, anaima pa liwu laciwiri nayamba kuyang'ana amai ake. Bukulo analiloweza pamtima monga nyimbo.

Apa ndipo pagona nkhani. Kope lodzaza lionetsa khama la mwana ndi la kholo, koma silinena ngati mwanayo adziwa kuwerenga. Muyeseni ndi mau amene sanawaonepo.

Njira yake ilipo kale. Mu 2016 Unduna wa Maphunziro unayamba pulogalamu ya Catch Up m'masukulu ena a zigawo za Kum'mawa ndi Kumwera, motengera nzeru ya bungwe la Pratham la ku India. M'pulogalamuyi mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzi mmodzi wa Giredi 3 mpaka 5, namuyesa ngati adziwa zilembo, mau, ndime kapena nkhani yathunthu. Pambuyo pake ana amagawidwa molingana ndi pamene afika, posayang'ana kalasi lao. Kholo lodziwa kulemba lingacite zofananazo.

Lembani ndime ya ziganizo zinai zazifupi, za mbuzi, za mvula kapena za ulendo wa kucigayo, m'cinenero cimene mwamuphunzitsira. Ici n'cofunika muno mu Maramba, mmene Citonga, Cilozi ndi Cinyanja zimveka pamodzi. Akawerenga bwino, mupatseni nkhani yaitali, ndipo akatsiriza mufunseni kuti anacita zimenezo ndani, ndi cifukwa cake. Akalephera ndimeyo, tsikani ku mau amodzi amodzi. Akalepheranso, tsikani ku zilembo. Pamene waima popanda kumunong'oneza, ndipo pamene ali.

Pa masamu, mufunseni cenji ca K20 munthu akagula za K13. Ana a kumsika amayankha msanga. Tsono muuzeni acotse 27 pa 52 papepala. Ambiri amagwa apa, pakuti sanamvetse kubwereka khumi. Timitengo tomanga m'mitolo ya khumi khumi tidzakuonetsani pamene pali vuto.

Citani zimenezi m'mawa, mwana atadya, popanda anansi oonerera ndiponso popanda cikwapu pafupi. Mwana wamantha amaiwala ngakhale zimene adziwa. Lembani tsiku ndi pamene wafika, ndipo pepalalo mulisunge pamodzi ndi kope loyamba la caka ndi lotsiriza.

Ngati mufuna kuti abwerere kusukulu mu Januwale, pitani nazo kwa mphunzitsi wamkulu masukulu asanatseke, mukakambirane za kalasi lomuyenera. Musaiwale kufunsa za mayeso a Boma, pakuti a Examinations Council of Zambia amayesa ana okhawo amene maina ao analembetsedwa nthawi isanathe.

Mphwanga uja tinamupeza ali pa mau: 8 mwa mau 10 anawerenga bwino, koma ndime inamukanika. Amai ake anafuna kuti akalowe Giredi 4 pamodzi ndi anzake a msinkhu wake. Titakambirana usiku wonse, anavomera kukamupempherera malo mu Giredi 3.