Kutaya Magazi Pobereka ndi Nthenda ya Mtima

Mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe akataya magazi ambiri pobereka, kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary kangathe kuwonongeka, monga anafotokozera Harold Sheehan mu 1937. Zikatero mkaka sutuluka, msambo umaleka, ndipo homoni yokulitsa thupi imachepa. Ngakhale wamkulu amaifunabe homoniyi, pakuti ikasowa mafuta amaunjikana pamimba, ndipo mitsempha ya magazi imatupa m'kati ndi kuuma pang'onopang'ono. Mu 1990 madokotala a ku Göteborg anapeza kuti mwa odwala kachiwaloka 333, imfa za mtima ndi mitsempha zinachuluka pafupifupi kawiri kuposa mwa anthu ena. Chotero aphunzitsi ndi antchito a Boma alangize amayi otere kukapimidwa ku Gulupu msanga.