Koloko Yogwira Ntchito Mwini Ali M'tulo

Aliyense amene anafikapo pa boma la Mangochi amaidziwa nsanja ya koloko imene yaima pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Shire. Inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pamene malowa ankatchedwa Fort Johnston. Ntchito ya koloko yotere inali youza anthu nthawi basi. Kudzuka ndi kukagwira ntchito kunali kwa munthu mwini wake. Nkhani ya lero ndi ya koloko ina, yosaoneka ndi maso, imene nthawi ikakwana imayamba yokha ntchito imene munthu anaisiyira, ngakhale iye ali m'tulo.

Koloko imeneyi imakhala m'makompyuta amene akatswiri amawatcha maseva. Seva ndi kompyuta yosunga zolemba za anthu ambiri ndi kutumikira makompyuta ena a pa ofesi. Kawirikawiri imakhala m'kachipinda kokhoma, ndipo usiku saizimitsa. Makina otere salinso achilendo m'dziko muno. Kuyambira m'chaka cha 2001, pamene bungwe la Baobab Health linayamba kulemba maina a odwala pa kompyuta ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, zipatala zambiri zakhala zikusunga mbiri ya odwala m'maseva, makamaka ya anthu olandira ma ARV. Ambiri mwa masevawa amayendera Linux, ndipo mu Linux muli pulogalamu yakale yotchedwa cron, imene inayambira ku Bell Laboratories ku America m'zaka za m'ma 1970. Mphindi iliyonse cron imayang'ana pa ndandanda ya ntchito, ndipo ikapeza ntchito imene nthawi yake yakwana, imaiyambitsa.

Poyambirira ndandandayo inali imodzi yokha, ya mkulu woyang'anira seva, amene m'makinamo dzina lake ndi root. Pambuyo pake anaikonza kuti wogwiritsa ntchito wamba aliyense akhale ndi ndandanda yakeyake, yotchedwa crontab, ndipo cron imene Paul Vixie analemba mu 1987 inafalitsa kwambiri makonzedwe amenewa. Kusinthaku kunali kwanzeru. Root ali ngati munthu wosunga makiyi a nyumba zonse za pa ofesi: ntchito yolembedwa molakwika m'dzina lake ingathe kufafaniza zonse za m'seva usiku umodzi. Ntchito ya munthu wamba, ngakhale italakwika, singaononge zoposa zimene mwini wakeyo amaloledwa kukhudza. Choncho ntchito iliyonse yosafuna makiyi onse ndi bwino kuilemba m'dzina la munthu wamba.

Mwachitsanzo, kalaliki wa pa chipatala china cha m'mphepete mwa nyanja, pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, akufuna kuti usiku uliwonse seva izikopera zolemba za tsikulo ndi kuzisunga pena. Choyamba ndi chilolezo. Mkulu wa seva angasunge fayilo yotchedwa cron.allow, ndipo fayiloyi ikakhalapo, okhawo olembedwamo ndiwo amaloledwa, palinso cron.deny, ya maina a oletsedwa. Kalaliki akaloledwa, amalemba lamulo lakuti crontab -e, ndandanda yake n'kutseguka. Popeza pa wailesi zilembo sizioneka, mzere umene iye angalembe wasindikizidwa pano:

30 22 * * * /home/kalaliki/sunga.sh

Mzerewu uli ndi malo asanu a nthawi, kenaka dzina la ntchito. Malo oyamba ndi a mphindi, kuyambira 0 mpaka 59. Achiwiri ndi a ola, 0 mpaka 23. Achitatu ndi a tsiku la mwezi. Achinayi a mwezi. Achisanu a tsiku la mlungu, m'mene 0 ndi Lamulungu, 1 ndi Lolemba. Kanyenyezi kamatanthauza kuti "nthawi iliyonse". Ndiye kuti kalalikiyu wauza seva kuti izigwira ntchitoyo 10:30 usiku, tsiku lililonse la chaka. Misampha ilipo iwiri imene imakola ambiri. Anthu anazolowera kutchula ola poyamba, mphindi pambuyo, koma cron imafuna mphindi poyamba; wofuna 2:10 usiku akalemba 2 10, ntchito idzachitika 10:02 m'mawa, odwala atadzaza kale pa khonde. Msampha wina ndi wosiya kanyenyezi pa malo a mphindi: ntchitoyo idzachitika ka 60 m'ola limodzi, ndipo pakapita masabata seva idzadzaza. Nachonso chilembo r chayandikana ndi e pa makina olembera, pamene crontab -r imafafaniza ndandanda yonse popanda kufunsa kanthu. Wochenjera amasunga kope la ndandanda yake pambali.

Tsono ambiri akafika apa amatseka makina n'kumapita kwawo, poganiza kuti ntchito yatha. Komatu apa mpamene ntchito yeniyeni ikuyambira, chifukwa cron ikalephera siilira belu, siiyatsa nyali, imangokhala chete. Kalaliki angakhale miyezi isanu ndi umodzi mtima uli m'malo, n'kudzazindikira tsiku limene seva yapsa kuti palibe kope ndi limodzi lomwe. Pamenepo mayi amene wayenda mtunda wautali kudzalandira mankhwala adzafunsidwa mbiri yake yonse ngati mlendo.

Lamulo lakuti crontab -l limaonetsa zimene zalembedwa pa ndandanda, ndipo n'lothandiza, koma umboni wake ndi wochepa. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti dzina la mwana kupezeka m'kaundula sikutanthauza kuti mwanayo anafika m'kalasi. Njira yabwino ndiyo kuyesa masana, munthu ali pomwepo: asinthe nthawi kuti ntchitoyo ichitike pakapita mphindi zitatu, akhale pansi, adikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindizo zikatha, pali buku la zochitika limene seva imalemba yokha. Pa Ubuntu lili mu /var/log/syslog, pa Red Hat lili mu /var/log/cron, ndipo munthu wamba nthawi zina amayenera kupempha mkulu wa seva kuti amuwerengere. Bukulo nalonso limangonena kuti ntchito inayambitsidwa. Lili ngati munthu amene anaona bwato likunyamuka pa dooko madzulo, koma sanakhalepo m'mawa kuti aone ngati labwerako ndi usipa.

Chifukwa chake ntchitoyo iyenera kulemba mbiri yakeyake. Cron imatumiza madandaulo a ntchito yolephera kudzera pa kalata ya m'makina, koma maseva ambiri a m'maofesi ang'onoang'ono alibe pulogalamu yotumiza makalata, ndipo madandaulowo amangosowa. Kumapeto kwa mzere uja kalaliki awonjezere izi: >> /home/kalaliki/mbiri.txt 2>&1. Zizindikiro zimenezi zimalamula kuti zonse zimene ntchitoyo yanena, zabwino ndi zoipa zomwe, zilembedwe mu fayilo imene iye angaitsegule m'mawa. M'fayiloyi ndimo mumaonekera vuto limene limazunguza ambiri, lakuti ntchito imene imayenda bwino munthu akaiyambitsa ndi manja imakana ikayambitsidwa ndi cron. Chifukwa chake n'chakuti cron imadziwa malo ochepa okha ofunafunamo mapulogalamu, choncho pulogalamu ndi fayilo iliyonse iyenera kutchulidwa ndi njira yake yonse, monga m'mene kalata imalembedwera mudzi, mfumu yaikulu ndi boma.

Wotchi ya sevayo iyeneranso kufunsidwa, polemba lamulo lakuti date. Nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, ndipo maseva ambiri amabwera atatcheredwa pa UTC. Pa seva yotere, lipoti loyenera kutuluka 7 koloko m'mawa Lolemba lidzatuluka 9 koloko, msonkhano utatha.

Chotsala ndi magetsi, nkhani imene anthu a ku Mangochi safunika kuuzidwa. Madzi amene amatuluka m'nyanja ndi kudutsa pansi pa mlatho uja, n'kupyola m'nyanja ya Malombe, ndiwo amakazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunapitirira mpaka m'chaka cha 2023. Cron siibweza ngongole: seva ikakhala yozima 10:30 usiku, ntchito ya tsikulo yapita, ndipo magetsi akayaka iyo imangodikira usiku wotsatira. Pali pulogalamu ina yotchedwa anacron, imene imakumbukira tsiku limene ntchito inachitika komaliza ndi kuichita makina akangoyaka, koma kawirikawiri imeneyi imaikidwa ndi mkulu wa seva. Munthu wamba angalembe mawu akuti @reboot m'malo mwa malo asanu aja, pa mzere wachiwiri, kuti ntchito izichitikanso nthawi zonse seva ikayatsidwa. Pa chipatala chodalira mphamvu ya dzuwa, n'kwanzeru kusankha ola la madzulo, mabatire akadali odzaza, kusiyana ndi pakati pa usiku.

Zonsezi zikakonzeka, kalaliki abwezere nthawi pa 30 22, aonenso ndi crontab -l, ndipo m'mawa mwake ayang'ane kope lenilenilo: deti lake likhale la dzulo, kukula kwake kusakhale 0. Kamodzi pa mwezi, iye ndi mkulu wa seva atenge kope limodzi, alitsegule pa kompyuta ina, afunefune dzina la wodwala amene analembedwa mlungu wathawu, aone ngati lilimo pamodzi ndi tsiku lake lodzalandira mankhwala.