Chimene Chikopa Ana pa Timasewera ta m'Foni

Mphunzitsi amene atumidwa kukagwira ntchito kumudzi masiku ano apeza kuti ana ake adziwa masewera a mitundu iwiri. Alipo amene adawalandira kwa makolo, monga phada, fulaye, nguli ndi bawo. Aliponso ena okhala m'kati mwa foni, amene anawo awatchula kuti magemu. Ngakhale kwa Chifunga, m'boma la Neno, kumene mabanja ambiri alibe kompyuta, mwana akangobwereka foni ya mabatani ya amalume ake sachedwa kupezamo kasewero, ndipo anzake amuunjirira mpaka moto wa m'foniyo utatha. Mwana yemweyo ndiye amene m'kalasi ayasamula phunziro lisanafike pakati. Tsono ife amene tikonzekera ntchito ya uphunzitsi tiyenera kudzifunsa kuti: kodi kasewero kameneka kali ndi chiyani chimene phunziro lathu lilibe?

Kumene timasewerati tidachokera

Mu 1971 munthu wina wa ku America, dzina lake Nolan Bushnell, adatulutsa masewera a pa makina otchedwa Computer Space, koma anthu wamba sadawakonde pakuti malamulo ake anali ochuluka. Mu 1972 kampani yake ya Atari idatulutsa Pong, m'mene munalibe china koma timitengo tiwiri tobwezerana kampira, ndipo anthu adakhamukirako. Kuchokera pamenepo opanga masewera adagwira mfundo yakuti sewero labwino likhale losavuta kuliyamba koma lovuta kulitsiriza.

Mu 1984 Alexey Pajitnov, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku Moscow, adapanga Tetris. M'seweroli mugwa tizidutswa ta mitundu 7, kalikonse kopangidwa ndi timabokosi 4, ndipo wosewera atitembenuza kuti tidzaze mzere wopanda mpata. Mu 1997 Taneli Armanto wa ku Finland adaika kasewero ka njoka, kotchedwa Snake, m'foni ya Nokia 6110, ndipo mtundu wake wachiwiri udafala ndi foni ya Nokia 3310 ya mu 2000. Imeneyo inali nyengo yomwe mafoni a m'manja ankayamba kulowa m'dziko muno, pakuti TNM idakhazikitsidwa mu 1995 ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, idatsatira mu 1999. Motero kwa Amalawi ambiri njoka ya m'foniyo ndiyo inali gemu yoyamba kuigwira.

Zifukwa zinayi

Choyamba, lamulo la seweroli likwana m'mpweya umodzi. Njoka iyenda yokha. Iwe uitembenuza ndi mabatani 2, 4, 6 ndi 8 kuti idye chakudya, koma isadzilume. Palibe chofuna buku kapena Chingerezi. Mwana aphunzira mwa kuonerera mnzake, monga momwe mtsikana aphunzirira phada: aponya mwala m'mwamba, atulutsa timiyala m'kadzenje, nauwakha mwalawo usanagwe. Amene waona kamodzi wadziwa chofunika kuchita, ngakhale dzanja lake lisanazolowere.

Chachiwiri, yankho lifika pomwepo. Wosewera akalakwa aona yekha pamene walakwa, nayambanso nthawi yomweyo, popanda womkalipira kapena womuseka pamaso pa gulu. Ana anena kuti “ndafa”, koma anena akuseka, pakuti imfa yake ndi ya kanthawi. Tiyerekeze ndi mwana amene walemba masamu lero, m'kalasi lodzaza, ndipo kope lake libwerera patapita masiku, iye ataiwala kale chimene ankaganiza polemba.

Chachitatu, kuvuta kwake kukula pamodzi ndi luso la wosewera. Njoka ikadya italika, ndipo kutalikako ndiko kuchepetsa malo oyendamo; tizidutswa ta Tetris tigwa mofulumirapo wosewera akapita patsogolo. Choncho sewero silikhala lopepuka mpaka kugwetsa ulesi, kapena lolemera mpaka kutayitsa mtima. Bawo ali chimodzimodzi. Thabwa lake lili ndi mizere 4 ya maenje 8, njere zake ndi 64, ndipo mnyamata aphunzira kufesa njerezo madzulo amodzi. Koma kuwerengera pamene dzanja lidzathera, ndi kuoneratu chimene mdani adzachita, ndi luso limene madoda alikulitsa mpaka imvi. Akulu adati tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chikhudza kwambiri ife ophunzira za chiyankhulo, ndi chilendo chake. Njoka imene tsoka lake ndi kukhuta kwake komwe, kapena khoma limene likamangidwa bwino ndi pamene lizimirira, ndi zinthu zosemphana ndi moyo wa masiku onse, ndipo nzeru ya mwana ikondwera nazo. Opanga masewera ena adapitirira pamenepo. Mu 2014 kampani ya Coffee Stain ya ku Sweden idatulutsa Goat Simulator, m'mene wosewera asanduka mbuzi yogunda ndi kuononga katundu. Mu 2019 anthu a House House a ku Melbourne, ku Australia, adatulutsa Untitled Goose Game, m'mene wosewera ndi tsekwe wovutitsa anthu a m'mudzi, kuwabera zipewa ndi makiyi. Kodi zimenezi nzachilendo kwa ife? Iyayi. Kalulu wa m'nthano zathu achita zomwezo: kanyama kakang'ono kapusitsa Njovu ndi Fisi, ndipo ana amene aletsedwa mwano tsiku lonse apeza mpata woseka akuluakulu popanda mlandu. Zilapi nazo zikoma chifukwa ziveka chinthu chodziwika chovala chachilendo.

Choopsa chake

Tisabise kuti zifukwa zomwezi zikhoza kumanga munthu ukapolo. Mu 2013 Dong Nguyen wa ku Vietnam adapanga Flappy Bird, ka mbalame kouluka movutikira pakati pa mipope, kamene kafuna chala chimodzi chokha. Katatchuka pa dziko lonse, mwini wakeyo adakachotsa pa msika mu February 2014, nanena kuti anthu akulephera kukasiya. Mu 2019 bungwe la World Health Organization lidavomereza kuti kusewera magemu kosalamulirika kulembedwe m'gulu la matenda.

Choopsa china chili pafupi ndi ife. Juga ya pa foni, monga ija ya kandege kokwera m'mwamba mpaka kathawe ndi ndalama za munthu, idamangidwa pa maziko omwewa: lamulo limodzi, yankho la msanga, ndi mtima wakuti ndiyesenso kamodzi. Kusiyana kwake nkwakuti pa njoka kapena pa bawo woyesayesa akula luso, pamene pa juga palibe luso loti likule; chikula ndi ngongole. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la dziko lino sililola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, koma foni yobwereka sifunsa zaka za woigwira. Mphunzitsi amene angotukwana magemu onse pamodzi sadzatha kuonetsa ana kusiyana kumeneku, pakuti iwo adzaona kuti akunena za chinthu chimene sachidziwa.

Phunziro kwa mphunzitsi

Ena adayamba kale kugwiritsa nzeru za masewerawa pophunzitsa. Bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion lidakonza maphunziro a masamu a m'Chichewa a pa tabuleti, amene adayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro udayamba ndondomeko ya BEFIT yofikitsa matabuleti otere m'sukulu za pulayimale. Koma mphunzitsi wopanda tabuleti asadziyese wosauka, pakuti mfundo zinayi zija zitheka ndi choko ndi timiyala.

Pophunzitsa maphatikizo mu Sitandade 1, mwachitsanzo, mukhoza kulemba pa bolodi phatikizo limodzi, monga ka, nimuuza ana kuti imeneyo ndi njoka yanjala. Mwana aliyense aidyetse phatikizo limodzi kuti papangike mawu: kalu, kalulu, kapena ma, mala, malambe. Ikadya chosapanga mawu yafa, ndipo gulu liyamba ina. Lamulo ndi limodzi, cholakwa chioneka pomwepo popanda chamanyazi, ndipo njoka ikatalika ntchito ikulanso. Pa masamu, maenje 8 okumbidwa panja ndi njere za bwemba akwanira kuphunzitsira kuwerenga, kuphatikiza ndi kugawa. Samalani zinthu ziwiri: musachulutse malamulo poyamba, ndiponso lekezani sewero ana akadalifuna, kuti mawa adzalifunse okha.

Potsiriza, pali ntchito imene ikhalira inu amene mudzapita kukayesera kuphunzitsa kwa Chifunga ndi m'madera ena. Tcherani khutu ku mawu amene ana agwiritsa ntchito posewera. Mneni kudya amveka pa bawo ndi pa njoka ya m'foni pomwe. Kufa, kuwina ndi kuluza ayenda pamodzi m'kamwa mwa mwana mmodzi, ena a makolo, ena obwereka. Lembani mawu otere m'kope, pamodzi ndi dzina la sewero, mudzi umene mwawamva ndi msinkhu wa onenawo, ndipo muwatumize kuno kuti tiwasindikize m'magazini ino.