Soketi Yometera Ndevu ndi Dzina la Thiransifoma Yake

M'zipinda zosambira za mahotela ndi nyumba zina za mu Blantyre ndi Limbe mumapezeka kasoketi ka mabowo awiri pafupi ndi kalilole, kolumikizapo makina ometera ndevu. Wolemba ayenera kumvetsa m'mene kamagwirira ntchito asanasankhe mawu okafotokozera.

Magetsi amene ESCOM imafikitsa m'nyumba ndi a mavoliti 230, ndipo waya mmodzi mwa mawaya ake ndi wolumikizidwa kunthaka. N'chifukwa chake munthu akakhudza waya wamoto ataponda pansi ponyowa, magetsi amadutsa m'thupi mwake kulowa m'nthaka, ndipo akhoza kufa.

Kuseri kwa kasoketi kaja kuli thiransifoma yaing'ono ya makoilo awiri osakhudzana. Mphamvu imawoloka kuchoka ku koilo yoyamba kupita ku yachiwiri mwa maginito, ndipo yachiwiriyo siilumikizidwa kunthaka. Motero munthu akakhudza waya mmodzi yekha, magetsi amasowa njira yobwerera kudzera m'thupi mwake.

Dzina loyenera la chipangizochi ndi "thiransifoma yolekanitsa", popeza ntchito yake ndi kulekanitsa makina ometera ndi mawaya a nyumba. Mawu akuti "thiransifoma yochepetsa mphamvu" ndi osokeretsa. Masoketi ambiri otere amapereka mavoliti 115 a makina ochokera kumaiko monga America, komanso mavoliti 230 osachepetsedwa. Wokhudza mawaya onse awiri nthawi imodzi amagwidwa ndithu ndi magetsi. Wowerenga amene wauzidwa kuti mphamvu yachepa amataya mantha pamene ngozi ikadalipo.

Mawu akuti "soketi ya m'bafa" nawonso ndi osakwanira, chifukwa amapatsa munthu ganizo loti chilichonse chingalumikizidwepo. Thiransifomayi inapangidwira makina ang'onoang'ono. Nsimbi, ketulo kapena chowumitsira tsitsi zimafuna mphamvu yoposa imene ingathe kupereka. Choncho kulembedwe "soketi yometera ndevu".

Pa kalembedwe, mawu akuti "thiransifoma" akhale ndi h monga "thebulo", pakuti t wake amatuluka ndi mpweya. Muyeso wa magetsi ulembedwe "mavoliti" kuti usasokonezeke ndi "mavoti" a pachisankho. Aphunzitsi ndi akonzi a mabuku akumbukire kuti pa nkhani ya magetsi, liwu lolakwika likhoza kuvulaza munthu.